Ayuda obalalika m'maiko a eni: kunyada kwawo kwatsamira pa chiyani?

A Mwale, Zomba

Abale ndi alongo, ndabwera ndi nkhani imene ndikufuna tiisinkhesinkhe mofatsa, ya Ayuda okhala kunja kwa dziko la Israel. Pa dziko lonse lapansi Ayuda alipo pakati pa 15 ndi 16 miliyoni, ndipo oposa theka sakhala ku Israel. Ambiri ali ku United States, ena ku France, Canada, Britain, Argentina, Australia ndi South Africa. Anthuwa amalankhula zinenero zosiyana, khungu lawo ndi losiyana, ena amapemphera katatu pa tsiku pamene ena sakhulupirira n'komwe kuti kuli Mulungu, komabe ukawafunsa amayankha mosajejema kuti ndi Ayuda. M'chaka cha 2013 bungwe la Pew Research Center linafunsa Ayuda a ku America, ndipo 94 mwa 100 alionse anati amanyadira Chiyuda chawo. Atafunsidwa chimene chili chofunika kwambiri pa Chiyudacho, 73 mwa 100 anatchula kukumbukira Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi boma la Hitler, pamene otchula kusunga malamulo a chipembedzo anali 19 okha.

Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi ndiko kukundidetsa nkhawa. Ine ndikuona kuti kunyada kotsamira pa maliro okha sikungafike kwa zidzukulu, chifukwa mwana sangakonde mtundu umene amangoumva ukutchulidwa pa nkhani za imfa. Chimene chinasunga anthuwa zaka mazanamazana Hitler asanabadwe ndi zimene ankachita m'nyumba zawo mlungu ndi mlungu, komanso khama lawo lophunzitsa ana kuwerenga. Amene mukudziwa zambiri, makamaka inu amene mumakhala nawo pafupi, mundithandize kapena munditsutse.

Abusa Banda, Dedza

Zikomo a Mwale potibweretsera nkhani yolemera chonchi. Ine ndiyambire kumene kubalalikako kudayambira. Nebukadinezara atagwetsa Yerusalemu ndi Kachisi m'chaka cha 586 Yesu asanabadwe, ukapolo wa ku Babulo udatisiyira mawu a mitundu iwiri. Mu Salimo 137 anthu akulira m'mbali mwa mitsinje, akukana kuimba nyimbo za Ziyoni m'dziko lachilendo, ndipo akulumbira kuti sadzaiwala Yerusalemu. Mu Yeremiya 29 mneneri akulembera akapolo a ku Babulo komweko kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana awo, ndiponso afunire mtendere mzinda umene adawagwira ukapolo, pakuti mtendere wa mzindawo ndiwo mtendere wawo. Myuda wa kunja wakhala akusenza mawu onse awiriwa, ndipo palibe pamene adatula amodzi n'kutsala ndi enawo.

Koresi atalola anthu kubwerera kwawo mu 538, ambiri adatsala ku Babulo mwa kufuna kwawo. Zidzukulu zawo ndizo zidamanga sukulu zotchuka za ku Sura ndi Pumbedita, ndipo mbumba imeneyi idakhalabe m'dziko limene lero ndi Iraq mpaka 1950 ndi 1951, pamene Ayuda pafupifupi 120,000 adachoka kutsatira zipolowe za ku Baghdad za 1941 ndi udani umene udakula Israel atakhazikitsidwa mu 1948. Mphunzitsi wina wa ku Babulo komweko dzina lake Samuel adagamula kuti lamulo la dziko limene Myuda akukhala limamumanga ngati lamulo lake lomwe. N'chifukwa chake m'masunagoge a ku Britain amapempherera banja lachifumu pa Sabata, koma mkwati wa m'sunagoge yomweyo amaswa tambula ndi phazi pa tsiku la ukwati wake pokumbukira kugwa kwa Yerusalemu.

A Mwale, Zomba

Abusa, mwandiyalira maziko abwino. Ndiwonjezere za kugwa kwachiwiri, kwa m'chaka cha 70, pamene asilikali a Titus anatentha Kachisi n'kutenga choikapo nyale chagolide, chimene chithunzi chake chinasemedwa pa chipata cha chikumbutso ku Rome ndipo chikuonekabe lero. Chipembedzo chimene chinkadalira guwa la nsembe, ansembe ndi mzinda umodzi chikanathera pomwepo. Yohanan ben Zakkai ndi anzake anasonkhana ku Yavne n'kukonza chipembedzo chimene munthu angasamuke nacho: pemphero m'malo mwa nsembe, mphunzitsi m'malo mwa wansembe, ndipo amuna khumi akasonkhana paliponse, ngakhale m'chipinda cha lendi, mpingo wakwana. Cha m'ma 200 malamulo a pakamwa analembedwa mu Mishnah, ndipo mikangano ya aphunzitsi pa malamulowo inasonkhanitsidwa mu Talmud. Kuyambira mu 1923 pali mwambo woti Ayuda m'maiko onse amawerenga tsamba limodzi lomwelo la Talmud pa tsiku, ndipo masamba 2,711 amatha pa zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Wa ku Buenos Aires ndi wa ku Melbourne amene sanaonanepo amakhala pa tsamba limodzi m'mawa womwewo. Kunyada kumene ine ndikukukhulupirira n'kotereku, kwa munthu amene ali ndi chochita chimene agogo ake ankachita.

Mayi Nachisale, Johannesburg

Bambo Mwale, ine sindine wa mabuku, koma ndagwira ntchito nthawi yaitali m'nyumba ya banja lachiyuda cha ku Glenhazel, ndipo zimene mukunenazo ndaziona ndi maso. M'khitchini muli mbale, mapoto ndi masupuni a mitundu iwiri, za nyama pazokha ndi za mkaka pazokha, ndipo sizisakanizidwa ngakhale potsuka. Nkhumba sailawa, ndipo nsomba amadya ya mamba yokha, kotero kuti chambo angadye koma mlamba ayi. Lachisanu dzuwa lisanalowe mayi wa m'nyumba amayatsa makandulo, pa tebulo amaikapo buledi woluka muwiri ndi vinyo, ndipo bambo amasanjika manja pa mutu pa mwana aliyense n'kumudalitsa. Kuyambira pamenepo mpaka Loweruka usiku foni sagwira, galimoto sayendetsa, ndipo misewu ya dera lonselo imadzaza ndi mabanja opita ku sunagoge wapansi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi Paskha wawo. Nyumba yonse imasesedwa kuti pasatsale ndi nyenyeswa yomwe ya chofufumitsa, ndipo usiku wa phwando nkhani ya kutuluka mu Igupto siyamba mpaka mwana wamng'ono pa onse atafunsa mafunso anayi okhudza usikuwo. Akuluakulu amayankha ngati kuti iwo eni ndiwo anali akapolo a Farao. Mwana wa zaka zisanu amagona akudziwa kuti popanda iye mwambowo sukanayenda, ndipo ine ndikuganiza kuti apa ndi pamene kunyada kumamera.

Chinanso ndi kusamalirana. Bungwe lawo loika maliro la Chevrah Kadisha linayamba muno mu 1888, Johannesburg ali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo lero limasunga okalamba, amasiye ndi olumala. Wolemera ndi wosauka amaikidwa m'bokosi lofanana la matabwa wamba, atavekedwa nsalu yoyera yofanana. Ife Amalawi a kuno timasonkherana kuti maliro apite kumudzi, choncho ndimamvetsa bwino kuti anthu amene amakuika m'manda ndiwo abale ako enieni. Koma chiwerengero chawo chikutsika: m'ma 1970 anali pafupifupi 120,000 m'dziko muno, pano angotsala 50,000 ndi pang'ono, chifukwa ana ambiri anasamukira ku Australia, Israel, Britain ndi America.

A Jere, Kasungu

Mundikhululukire akuluakulu, koma ndifunse zimene anthu ambiri amanena kuseri. Kodi kunyada kumeneku si kudzikweza? Anthu amene amadzitcha mtundu wosankhidwa, amene sadya ndi anzawo ndipo safuna kukwatirana ndi mitundu ina, sakudziitanira okha chidani? Komanso timamva kuti chuma cha dziko lapansi chili m'manja mwawo, ndiye mwina chimene amanyadira ndi ndalama basi. Sindikunyoza, ndikufuna kumva yankho lomveka.

Achemwali Nambewe, Manchester

A Jere, mwachita bwino kufunsa poyera, chifukwa mawu amenewa akamangoyenda kuseri ndi pamene amapweteka anthu. Kudzipatula kumene mukunenako nthawi zambiri kunali kopatulidwa. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Rome mu 1215 unalamula kuti Ayuda azivala zowasiyanitsa ndi Akhristu. Mfumu Edward I inawathamangitsa ku England mu 1290, ndipo analoledwa kubwerera mu 1656. Ku Spain anathamangitsidwa mu 1492. Ku Venice mu 1516 anawatsekera m'dera limodzi limene zipata zake zinkakhomedwa usiku ndi alonda achikhristu. M'madera ambiri a ku Ulaya sankaloledwa kukhala ndi minda kapena kulowa m'magulu a amisiri, pamene Mpingo unkaletsa Akhristu kukongoza ndalama mwa chiwongoladzanja, ndiye ntchito yodedwayo inasiyidwira Ayuda ochepa ndipo chidani chake chinagwera onse.

Ayuda ambiri a kum'mawa kwa Ulaya anali amphawi otheratu. Ambiri mwa pafupifupi 2 miliyoni amene anathawira ku America pakati pa 1881 ndi 1924 ankakhala mothithikana ku New York, akusoka zovala m'mafakitale, ndipo pa moto wa pa fakitale ya Triangle mu 1911 umene unapha anthu 146, ochuluka anali atsikana achiyuda ndi a ku Italy. Nkhani yakuti Ayuda amalamulira dziko mobisa inafalitsidwa ndi chikalata chabodza chimene chinatuluka ku Russia mu 1903, ndipo nyuzipepala ya The Times inaulula chinyengo chake mu 1921, koma a Nazi, chipani cha Hitler, anachiphunzitsabe m'sukulu. Ndikupempheni kuti bodza limeneli tisalithandize kuyenda.

Za kusankhidwa, aphunzitsi awo amati ndi katundu osati mpando. Myuda ali ndi malamulo 613, pamene anthu ena onse ali ndi asanu ndi awiri a ana a Nowa, ndipo wolungama wa mtundu uliwonse ali ndi gawo m'dziko likudzalo. N'chifukwa chake simudzaona Myuda akugogoda pakhomo panu kuti mutembenuke.

A Tembo, Lusaka

Ine ndikufuna kutsutsana nanu pang'ono a Mwale, ndipo umboni wanga uli kwathu konkuno. Ayuda ambiri amene adabwera kum'mwera kwa Africa adachokera ku Lithuania, monga Elie ndi Harry Susman amene adayamba kugula ng'ombe ku Barotseland mu 1901 n'kudzakhala amalonda akuluakulu ku Livingstone. Tsono taonani anthu awiri awa. Roy Welensky, amene bambo ake adali Myuda wa ku Lithuania ndipo mayi ake adali Mbunu, ankayendetsa sitima ku Kabwe, kenako adakhala nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, nthawi imene makolo athu adamangidwa ndi kuphedwa ku Nyasaland mu 1959. Simon Zukas adabadwira ku Lithuania mu 1925, adafika ku Northern Rhodesia mu 1938, adalimbana ndi Chitaganya chomwecho limodzi ndi anthu akuda mpaka atsamunda adamuthamangitsa mu 1952, ndipo adabwerera ufulu utabwera n'kudzakhala nduna ya boma la Zambia. Pa mlandu wa Rivonia, woimira boma amene ankafuna kuti Mandela ndi anzake alangidwe koopsa adali Percy Yutar, Myuda wa udindo m'sunagoge, ndipo mmodzi wa oimbidwa mlandu adali Denis Goldberg, Myuda amene adakhala m'ndende zaka 22.

Lero Ayuda a ku South Africa amanyadira Helen Suzman amene adaima yekha m'nyumba ya malamulo zaka 13 kutsutsa tsankho, amanyadira Joe Slovo, komanso Ruth First amene adaphedwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982. Ali ndi chifukwa chonyadira, pakuti mwa azungu amene adamenya nkhondo imeneyi Ayuda adachuluka kuposa mmene chiwerengero chawo chidalili. Koma ambiri mwa anthuwa sankasunga Sabata, ndipo bungwe lalikulu loimira Ayuda m'dzikolo lidakhala chete pa tsankho mpaka 1985, poopa boma la chipani chimene atsogoleri ake ena adakondera Hitler. Ndiye makandulo a Lachisanu paokha sadabale chilungamo, ndipo amene adafera chilungamo ambiri sadayatse makandulo. Kodi tinene kuti Chiyuda cha Zukas ndi Goldberg chidali chochepa?

Umboni wina ndi wa ku Soviet Union. Kwa zaka pafupifupi 70 masunagoge ambiri adatsekedwa ndipo kuphunzitsa Chihebri kudali mlandu, moti ana adakula osadziwa pemphero ngakhale limodzi. Chimene chinkawakumbutsa mtundu wawo ndi chiphaso cha boma chimene chidalembedwa kuti Myuda, ndi zitseko za sukulu zaukachenjede zimene zinkatsekeka chifukwa cha mawu amenewo. Komabe itatha nkhondo ya 1967 ya pakati pa Israel ndi maiko oyandikana naye, achinyamata adayamba kuphunzira Chihebri mobisa, ena monga Natan Sharansky adapita kundende, ndipo zitseko zitatseguka pafupifupi 1 miliyoni adasamukira ku Israel. Apa chimene chidasunga mtundu si nyumba ayi, ndi mdani.

A Mwale, Zomba

A Tembo, umboni wanu ndi wamphamvu, ndipo sindinganene kuti Chiyuda cha Zukas chinali chochepa. Koma taonani chimene achinyamata a ku Moscow anachita atadzidzimuka: anakafuna buku la Chihebri ndi nkhalamba yoti iwaphunzitse. Mdani anawakumbutsa dzina, koma kuti dzinalo likhale ndi kanthu m'kati anabwerera ku zochita zija. Ndipo Slovo anabadwira m'mudzi wa ku Lithuania mmene chinenero chake choyamba chinali Yiddish, cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, kutanthauza kuti anatunga pa chitsime chimene ena anakumba. Funso langa ndi la mdzukulu wake wa munthu wotere, amene sanamve chinenerocho ndipo sanakhale pa tebulo la Paskha.

Ku Belmonte, m'mapiri a ku Portugal, Ayuda anakakamizidwa kubatizidwa mu 1497. Mu 1917 katswiri wa migodi wochokera ku Poland, Samuel Schwarz, anapeza mabanja kumeneko akusungabe mapemphero achiyuda mobisa patatha zaka zoposa 400, opanda rabi (mphunzitsi wa chipembedzo chachiyuda), opanda buku, ndipo osunga mapempherowo anali amayi okalamba amene ankawaphunzitsa ana aakazi pakamwa. Mantha anawaphunzitsa kubisa, koma chobisidwacho chinachokera kwa amayi.

A Moyo, Bulawayo

Akuluakulu, nkhani yonseyi mwaikamba ngati kuti Myuda aliyense ndi mzungu, pamene funso lopweteka kwambiri lakuti Myuda ndani limagwera anthu a khungu ngati lathu. Ayuda a ku Ethiopia, amene amadzitcha Beta Israel, anasunga Sabata ndi malamulo a Mose m'mapiri ozungulira Gondar kwa zaka mazana, koma anadikira mpaka 1973 kuti rabi wamkulu wina wa ku Israel, Ovadia Yosef, agamule kuti ndi Ayuda enieni. Mu May 1991 anthu oposa 14,000 ananyamulidwa pa ndege kupita ku Israel m'maola 36. Patangopita zaka zisanu, mu 1996, zinaululika kuti magazi amene ankapereka kuti athandize odwala ankatayidwa mwachinsinsi, ndipo anthu masauzande anachita zionetsero ku Yerusalemu. Sanasiye chikhalidwe chawo kuti alandiridwe, koma anaumirira mpaka chikondwerero chawo cha Sigd chinalowa m'malamulo a dzikolo mu 2008.

Ku Uganda, pafupi ndi Mbale, kuli Abayudaya, amene anayamba mu 1919 pamene mtsogoleri wa nkhondo Semei Kakungulu anawerenga Chipangano Chakale n'kusankha mdulidwe ndi Sabata. Idi Amin analetsa chipembedzo chawo, ochepa anapirira, ndipo lero ali ndi masunagoge, sukulu ndi rabi wawo, ngakhale kuti boma la Israel lakhala likukayikira kuwavomereza. Kuno ku Zimbabwe, makamaka ku Mberengwa, ndi ku Limpopo kuli Alemba, amene sadya nkhumba, amachita mdulidwe, amazinga nyama mwa njira yawo, ndipo amati makolo awo anachokera kumalo otchedwa Sena kutsidya kwa nyanja. Kafukufuku wa magazi wa m'ma 1990 anasonyeza kuti amuna ambiri a mtunduwu ali ndi makolo a ku Middle East. Koma aphunzitsi achiyuda osunga mwambo wakale amawerenga Chiyuda kudzera kwa mayi kapena kutembenuka kovomerezeka, choncho magazi a kuchimuna sawatsegulira khomo.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ife ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu tinalandidwa unzika ndi lamulo la 2001 mpaka malamulo atsopano a 2013 anatibwezera, ndipo tikapita ku Malawi amatiyesanso alendo. Ndikudziwa ululu wa munthu amene amadziwa yekha chimene ali koma chikalata chili m'manja mwa wina.

Achemwali Nambewe, Manchester

A Moyo mwafika pa nkhani imene tonse takhala tikuizungulira, ya dziko la Israel. M'chaka chimodzi cha 1897 munabadwa mayankho awiri otsutsana. Ku Basel, Theodor Herzl anasonkhanitsa anthu okhulupirira kuti Myuda sadzakhala pa mtendere mpaka atakhala ndi dziko lakelake, maganizo amene ife tingawamve mosavuta pakuti timati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ku Vilna, antchito achiyuda anayambitsa chipani cha Bund, chimene chinkaphunzitsa kuti kwawo kwa Myuda ndi pamene wabadwira, ndipo ayenera kumenyera ufulu wake pomwepo, m'chinenero chake cha Yiddish, limodzi ndi antchito a mitundu ina. Nkhondo yachiwiri isanayambe olankhula Yiddish anali pafupifupi 11 miliyoni, ndipo ambiri mwa Ayuda ophedwa ndi a Nazi anali iwowa. Ku Salonika, kumene zidzukulu za othamangitsidwa ku Spain zinasunga chinenero cha Ladino kwa zaka 450, oposa 90 mwa 100 alionse anaphedwa. Mkangano wa 1897 sunathe ndi mfundo ayi, mbali imodzi inaphedwa, ndipo n'chifukwa chake sindingaweruze Myuda wa kunja amene mtima wake uli pa Israel ngakhale sanakhaleko.

Koma sizoona kuti onse amaganiza chimodzimodzi. Chichitikire kuphedwa kwa anthu pafupifupi 1,200 ku Israel pa 7 October 2023 ndi nkhondo ya ku Gaza imene yapha Apalestina masauzande makumimakumi, mabanja achiyuda agawikana koopsa. Ena ayamba kuvala kachipewa ndi nyenyezi ya Davide poyera kwa nthawi yoyamba, ena makamaka achinyamata ali patsogolo pa zionetsero zotsutsa nkhondoyo ndipo amati Chiyuda chawo ndicho chikuwatuma, ndipo magulu ena opembedza kwambiri monga a Satmar sanavomerezepo boma lachiyuda Mesiya asanabwere. Pamene akukangana choncho, sukulu zawo kuno zili ndi mipanda ndi alonda, ndipo onse amakumbukira anthu 11 amene anaphedwa akupemphera ku Pittsburgh mu 2018. Munthu angathe kudzudzula boma la Israel mwamphamvu, monga ine ndimachitira pa za Gaza, koma mwana wa sukulu wa ku Manchester si amene anatumiza ndege zankhondo.

Abusa Banda, Dedza

Mwana wanga Nambewe wanena zoona, ndipo ife a pa guwa tili ndi mbali yathu. M'mlungu wa masautso a Ambuye ndimamva alaliki akunena kuti Ayuda adapha Yesu, osatchula kuti Yesu, amayi ake, Petro ndi Paulo onse adali Ayuda, ndipo wopereka chilango cha mtanda adali bwanamkubwa wachiroma. Ulaliki wotere ndiwo unkautsa zipolowe ku Ulaya pa nyengo ya Paskha wa Akhristu. Mpingo wa Katolika udakana poyera chiphunzitso chimenechi mu 1965, ndipo mipingo ina yambiri idatsatira. Palinso mbali ina, ya Akhristu amene amakonda Myuda wa m'ulosi, kuimba malipenga a nyanga ndi kukweza mbendera, koma sadafunsepo Myuda wamoyo chimene iye amakhulupirira. Ndidzaitula nkhaniyi pa msonkhano wathu wa abusa.

Mayi Nachisale, Johannesburg

Ndibwerere ku funso la zidzukulu, bambo Mwale, chifukwa ndilo limasowetsa tulo makolo amene ndimawadziwa. Mwana akapita kunja n'kukwatira wa mtundu wina, mayi amalira ngakhale mpongoziyo ali munthu wabwino, chifukwa mwa lamulo lawo ana amatsata mayi. Kodi achemwali a ku Manchester, kumeneko zikuyenda bwanji? Ana obadwa m'maukwati otere amawerengedwa kuti?

Achemwali Nambewe, Manchester

Amayi, zimatengera khomo limene mwanayo wagogoda. Ku America kafukufuku wa Pew wa 2020 anapeza kuti mwa Ayuda amene analowa m'banja kuyambira 2010, 61 mwa 100 alionse anakwatirana ndi osakhala Ayuda. Nthambi ya Chiyuda ya Reform, imene imafewetsa malamulo akale ndipo ndi yaikulu kumeneko, inagamula kale mu 1983 kuti mwana wa bambo wachiyuda ndi Myuda ngati waleredwa m'Chiyuda, koma a Orthodox, osunga mwambo wakale, sanavomereze mpaka lero. Lamulo la Israel lolola Ayuda kubwerera, monga linakonzedwera mu 1970, limalandira ngakhale mdzukulu wa Myuda, komabe munthu yemweyo akafika kumeneko akuluakulu a chipembedzo ovomerezedwa ndi boma angathe kumukaniza ukwati wachiyuda. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana a maukwati osakanikirana a m'badwo uno akudzitcha Ayuda mochuluka kuposa a m'badwo wa makolo awo, ndiye mantha a bambo Mwale sanakwaniritsidwe monse.

Kuno ku Britain nkhaniyi inafika kukhoti. Sukulu yakale yachiyuda ya ku London yotchedwa JFS inakana mnyamata amene bambo ake anali Myuda ndipo mayi ake anatembenukira ku Chiyuda kudzera m'sunagoge imene ofesi ya rabi wamkulu siivomereza. Mnyamatayo ndi bambo ake ankapita ku mapemphero, pamene ana a mayi wachiyuda amene sanapondepo m'sunagoge ankalandiridwa popanda funso. Mu December 2009 khoti lalikulu kwambiri m'dzikoli linagamula, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, kuti kusankha ana potengera mtundu wa mayi n'kuphwanya lamulo loletsa tsankho. Atsogoleri ambiri achiyuda anakhumudwa kuti khoti la boma lalowerera pa lamulo lawo lakalekale, ndipo ine ndikumvetsa kukhumudwako, ngakhale mtima wanga uli ndi mnyamatayo. Kuyambira pamenepo sukulu zotere zimafuna chikalata chosonyeza kuti banja limapita ku sunagoge, kuti mwana waphunzirako za Chiyuda, kapena kuti makolo amathandiza pa ntchito zachifundo, ndipo makolo ena amene anali atasiya kalekale amakalembetsa maina awo pa Sabata kuti mwana apeze malo.